Ndinanyoza Wofunsira Mwana Wanga Popanda Chimene Ndinaona

Aphungu,

Kalatayi sindikulemba ndi dzanja langa. Sukulu ndinalekezera kalasi yachiwiri, ndipo chimene ndimatha kulemba popanda kutuluka thukuta ndi dzina langa lokha. Ndakhala pa benchi kuno ku Xela, pamene mayi wina amalembera anthu makalata pa makina otaipira, ndipo ndamuuza kuti alembe zimene zikutuluka m'kamwa mwanga, asakometse ayi. Kwathu ku Momostenango olemba makalata aliko, koma onse amandidziwa. N'chifukwa chake ndabwera kutali kuno.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Ndimaomba mabulangete a ubweya wa nkhosa, monga ankachitira atate anga. Sindinabepo, sindinaimepo pamaso pa woweruza, ndipo kawiri konse anthu anandisankha kutsogolera chikondwerero cha Santiago Woyera. Sindikudzitama. Ndikufuna mudziwe kuti ndikalankhula, anthu kwathu amamva. Tsoka langa lagona pamenepo.

Mwana wanga womaliza ndi Herlinda, wa zaka makumi awiri kudza zisanu ndi zitatu, mphunzitsi wa pulayimale. Pa ana anga asanu, ndi iye yekha amene anamaliza sukulu. Mwezi wa Meyi kunabwera anthu kudzamufunsira. Mnyamatayo ndi Abelino Xiloj, amene amayendetsa basi pakati pa kwathu ndi Xela. Atate ake anamwalira kale, amayi ake a Eulalia amagulitsa makandulo pakhomo la tchalitchi. Anabwera ndi a Casimiro, mkulu amene amalankhulira mabanja pa nkhani zimenezi, atanyamula dengu la buledi ndi chokoleti, botolo la mowa ndi makandulo. Ine ndinawakana bwinobwino monga zimakhalira ulendo woyamba. Ndinati mwanayo akadali wamng'ono, ngakhale kuphika nyemba sakudziwa. A Casimiro anagwedeza mutu momvera chisoni, ngakhale kuti nyemba za Herlinda anadyapo kambirimbiri. Tonse tinkadziwa kuti ulendo wachiwiri ndidzafewa, wachitatu ndidzalandira madengu.

Patapita mlungu ndinapita ku akasupe otentha kukaponda mabulangete atsopano kuti alimbe. Ndinali ndi kompadre wanga a Fulgencio, amene ananyamula Herlinda pa ubatizo. Tili m'madzi ofika m'mawondo, iwo anati, "Kompadre, ndamva kuti mwana wanga mukumupereka kwa wa basi uja."

Ndinati, "Sindinapereke munthu ine. Abwera kamodzi kokha."

Iwo anati, "Mnyamata ameneyo ndi wachabechabe. Si munthu womuika pakhomo. Aliyense akudziwa."

Aphungu, apa m'pamene ndinagwera. Ndikanafunsa kuti wachita chiyani, liti, kwa yani. Sindinafunse. Munthu akakuuza kuti aliyense akudziwa, umachita manyazi kukhala wosadziwa wekhawekha, makamaka nkhaniyo ikakhala ya pakhomo pako. Ndinangoti, "Inenso ndinamuona kale ameneyo." Linali bodza. Ndinali ndisanaone kalikonse.

Mawuwo anandikhala pamtima ngati mwala. Lamlungu pamsika ndinadandaulira mayi amene ndimagulako ubweya. Sindinaganize kuti ndikufalitsa nkhani, ndinkangopuma. Patatha milungu iwiri ndinapita kukameta, ndipo wometayo ali ndi lumo pakhosi panga anati, "Bambo, pepani kulowerera, koma wa basi uja musamupatse mwana. Ndi wachabechabe, ali ndi mkazi wina ku Xela." Masiku atatu pambuyo pake mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, anabwera kunyumba n'kundinong'oneza zomwezo. Ndinawerenga ndi zala: kompadre, wometa, mlamu. Mboni zitatu. Ndinati ngakhale woweruza sapempha zoposa pamenepo.

Ulendo wachiwiri anabwera Loweruka m'mawa, ali asanu ndi anayi, ndi madengu awiri. A Eulalia anavala bulawuzi yawo ya pa chikondwerero. Abelino anavula chipewa akadali pageti. Kumbali yathu kunali abale anga awiri ndi akazi awo, ndipo Herlinda ndi amayi ake anali kuseri kwa katani, kumene amamva zonse. A Casimiro anayatsa makandulo, analankhula mawu awo aatali aja opempha. Atamaliza, inali nthawi yanga yoti ndinene kuti tiganizirabe, mubwerenso.

M'malo mwake ndinati, "Madengu anuwa nyamulani. Mwana wanga sindingamupereke kwa munthu wachabechabe amene ali ndi mkazi ku Xela."

A Casimiro ndi aakulu kuposa ine, ndipo sakweza mawu. Anati, "Mwanena mawu olemera, achimwene. Munaona chiyani?"

Ndinati, "Anthu atatu andiuza."

"Iwowo anaona chiyani?"

Ndinati, "Aliyense akudziwa."

Iwo anati, "Ine ndili m'gulu la aliyenseyo, ndipo sindikudziwa. Tiuzeni dzina la mkaziyo, kapena msewu umene amakhala. Ngati zili zoona, ndidzimenya ndekha pakamwa chifukwa chobweretsa munthu wotere pakhomo panu."

Ndinalibe dzina. Ndinalibe msewu. Ndinakhala ngati mwana amene aphunzitsi amuitana kutsogolo asanawerenge. Abelino anafuna kulankhula, koma amayi ake anamugwira dzanja. Mayi aja anadzuka, anazimitsa makandulo awo okha ndi zala, anasenza dengu limodzi pamutu n'kutuluka osatsanzika. Ena onse anawatsatira.

Mkazi wanga Nicolasa anatuluka kuseri kwa katani n'kunena kuti, "Mwaomba bulangete lalikulu lero, bambo. Mufunde nokha."

Herlinda sanalire pamaso panga. M'mawa mwake anandibweretsera khofi ku choombera monga mwa masiku onse, ndipo anaima pakhomo. Anati, "Atate, ana anga a kalasi yachinayi akalemba kuti mtsinje wathu ndi wokongola kuposa mitsinje yonse, ndimawafunsa kuti waona mitsinje ingati. Inunso ndikufunsani. Ngati Abelino ali ndi mkazi, ndiuzeni dzina lake, ndimusiya lero lomwe. Ine si chitsiru. Koma ngati mulibe dzinalo..." Anatenga mabuku ake n'kupita.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinati mwana amene ndinamulipirira sukulu ndi mabulangete anga akundiyesa mwana wa kalasi yachinayi. Ndinanyamuka kuti ndikamubweretsere dzinalo, ndimutseke pakamwa.

Ndinayamba ndi mlamu wanga. Anati anamva kwa mkazi wa wometa. Ndinapita kwa wometa. Anati anamva kwa mkazi wake yemweyo. Mboni zanga zitatu zinatsala ziwiri ndisanadye n'komwe chakudya chamasana. Mkazi wa wometa ndinamupeza akuchapa. Anati, "Ine ndinamva kwa mayi wa ubweya uja kuti mnyamatayo ndi wachabechabe."

Ndinati, "Nanga za mkazi wa ku Xela?"

Anati, "Iii, bambo, nanga wa basi akakhala wachabechabe amakhala wachabechabe pa chiyani? Si pa akazi? Ndipo basi yake simagona ku Xela Lachisanu?"

Lamlungu ndinapita kwa mayi wa ubweya. Ndinamufunsa kuti anamva kwa yani. Anandiyang'ana ngati ndaledzera. Anati, "Kwa inu nomwe, bambo. Munaima pomwe mwaimapo. Ine ndinati akanena a Eusebio ndiye kuti n'zoona, chifukwa salankhula chisawawa."

Mawu anga omwe anazungulira tauni yonse, ananenepa panjira, n'kubwerera kwa ine, ndipo ine ndinawalandira ngati alendo.

Panatsala kompadre. Ndinawapeza akudaya ubweya. Ndinati, "Kompadre, mnyamata uja munamuona akuchita chiyani?" Anazemba kaye, akuti khalidwe la munthu limaoneka pamaso. Nditawapanikiza anati, "Chaka chatha anandisiya pamsewu wa ku San Francisco mvula ikugwa. Ndinakweza dzanja kuti aime, iye n'kungodutsa."

Ndinati, "Basiyo inali yodzaza?"

"Inali yodzaza, anthu mpaka pamakwerero. Koma mwana waulemu akanaima."

"Zokhazo?"

"Mukuti zokhazo? Ndinatsokomola milungu iwiri ine!"

Zonse zinali zimenezo, Aphungu. Ndinachititsa manyazi mayi wamasiye pamaso pa abale ake chifukwa kompadre wanga ananyowa.

Papita mwezi tsopano. Ulendo wachitatu unayenera kukhala chikondwerero cha Santiago chikangotha, ndipo kwatsala milungu itatu, koma palibe uthenga uliwonse. A Casimiro tikakumana amangogwira chipewa n'kupitirira. Makandulo ndimakagula kwa munthu wina kuseri kwa tchalitchi. M'mawa uno basi yoyamba kufika pa siteji inali ya Abelino. Anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Ku Xela, bambo?" Ine ndinayang'ana kumbali, ndinadikira ina ola lathunthu.

Chimene chandithamangitsira kwa inu ndi ichi. Nicolasa wandiuza kuti Herlinda wapempha akuluakulu a maphunziro kuti amusamutsire ku sukulu ya kugombe la nyanja, kutali ndi kwathu. Kwa ine sananene kanthu. Amandipatsa moni, amandiikira chakudya, amati "inde atate," basi. Zimene ndinapeza sindinamuuze. Ngakhale Nicolasa sindinamuuze, ngakhale ndikuganiza kuti akudziwa.

Ndaganiza njira. Pa chikondwerero anthu onse amakhalapo, ndipo ine ndimapatsidwa mpata wolankhula pa chakudya cha akuluakulu. Ndikufuna ndikanene kuti Abelino Xiloj ndi mnyamata wabwino kuposa onse m'Momostenango, wokhulupirika, wopanda banga. Anthu amandikhulupirira, ndiye mawu atsopanowa adzafafaniza akale. Tikatero sindidzafunika kupita kunyumba kwawo. Mukudziwa kuti atate a mtsikana sapita pakhomo pa mnyamata. Anthu angati ndikutsatsa mwana wanga ngati bulangete losagulika, ndipo pa msinkhu wangawu kugwadira mwana wa zaka makumi atatu sindingathe.

Kodi njira imeneyi ndi yokwanira? Ndiuzeni zoona. Sindikufuna mwana wanga achoke ali ndi nkhope imene akundionetsa masiku ano.

E.T., Momostenango

Bambo E.T.,

Mwapempha zoona, ndiye nazi: njira yanuyo si yokwanira, ndipo ingaonjezere vuto. Koma ndisanafike pamenepo, ndikuthokozeni. Anthu ambiri akadzudzulidwa ndi mwana wawo amangotseka chitseko. Inu munayenda khomo ndi khomo mpaka munapeza gwero la nkhaniyo, ngakhale kuti gwerolo linali inu. Manyazi amene mukumvawo ndi oyenera. Musawathamangitse msanga, chifukwa ndi amene akukankhireni kumene muyenera kupita.

Taonani zimene muli nazo m'manja. "Basi yodzaza inandidutsa mvula ikugwa" ndi chinthu chimene chinachitika. Chili ndi tsiku, chili ndi malo, munthu angachifufuze. "Ndi wachabechabe" si chinthu chimene chinachitika ayi, ndi chiweruzo cha munthu wonyowa ndi wokwiya. Chiweruzo chotere sichiima chokha, chimafuna zochitika pansi pake, ndipo kubwerezedwa ndi pakamwa pambiri sikuchipatsa miyendo.

Tsopano yang'anani mawu amene mukufuna kukanena pa chikondwerero. Wabwino kuposa onse. Wokhulupirika. Wopanda banga. Bambo, munaona chiyani? Mnyamatayu simunakhalepo naye pansi ngakhale ola limodzi. Simukudziwa ngati ndi woipa, komanso simukudziwa ngati ndi wabwino. Mukakaimirira n'kumutamanda chotero, mudzakhala mukuchita zomwe zija, kungoti ulendo uno mawu ake ndi otsekemera. A Casimiro akadzakufunsaninso funso lawo lija pamaso pa akuluakulu, mudzayankha chiyani? Ndiponso anthu amene anamva za mkazi wa ku Xela sadzaiwala chifukwa chakuti mwayamba kuimba nyimbo ina. Adzangoti mnyamatayo wamupatsa chiyani mkuluyu. Njira imeneyo mwaisankha chifukwa mulibe mawu akuti "ndinalakwa" m'kati mwake, ndipo inu mukudziwa.

Yambani ndi Herlinda, lero, asanapite kusukulu kapena akangobwerako. Muuzeni zonse monga mwandiuzira ine, osasiya bodza lija la ku akasupe, lakuti munamuona kale mnyamatayo. Anakupemphani dzina. Muuzeni kuti munalifunafuna ndipo kulibe. Musamupemphe kuti asinthe maganizo osamuka, musamukumbutse za mabulangete amene anamulipirira sukulu. Nenani, kenaka khalani chete, mumve zimene ayankhe ngakhale zikhale zowawa. Amayi a kunyumba akhalepo, chifukwa nawonso munawachititsa manyazi.

Za kupita pakhomo pa mnyamata, mwambo womwewo wakusiyirani khomo lina. A Casimiro ntchito yawo ndi kuyenda pakati pa mabanja. Pitani kwa iwo nokha, musatume Nicolasa kapena m'bale. Apempheni akonze malo, kaya kunyumba kwawo komweko, pamene mungakumane ndi a Eulalia, Abelino, ndi onse amene analipo Loweruka lija, a mbali zonse ziwiri. Munanyoza pamaso pa anthu amenewo, ndipo ndi pamaso pawo pamene mukabweze mawuwo. Musatalikitse. Nenani kuti: ndinalankhula chinthu chimene sindinaone, ndafufuza, ndapeza kuti chinachokera m'kamwa mwanga, palibe mkazi amene ndikumudziwa ku Xela, ndikhululukireni. Yang'anani a Eulalia pamene mukunena. Kumeneko si kutsatsa mwana. Nkhani ya ukwati musaitchule n'komwe tsiku limenelo.

Mukatero, bwererani njira yomwe munayenda pofufuza. Mayi wa ubweya, wometa ndi mkazi wake, mlamu wanu. Aliyense mumuuze mawu omwewo, mwachidule. Mayi uja anakukhulupirirani chifukwa simulankhula chisawawa, ndiye adzakukhulupiriraninso. Kompadre wanu musamusenzetse katundu yense. Iwo anang'ung'udza m'madzi, amene anapita nazo pamsika ndinu. Komabe auzeni kumene mawu awo anafika, ndipo ngati amamukondadi mwana wawo wa ubatizo, akuperekezeni kwa a Casimiro.

Udindo wanu wofufuza munthu amene akufuna mwana wanu sunathe ayi. Ndinu kholo, muli ndi ufulu wonse. Koma fufuzani ndi mafunso amene ali ndi mayankho. Mwini basi wakhala naye zaka zingati? Amayi ake amawasamala bwanji? Lachisanu amagona kwa yani? Anthu akakuyankhani kuti "ndi wabwino" kapena "ndi woipa," afunseni kuti anachita chiyani. Funsaninso Herlinda zimene iye waona, chifukwa pa inu nonse ndi iye amene amamudziwa, ndipo wakuonetsani kale kuti satseka maso. Ndipo basiyo ikadzaimanso pamaso panu, kwerani.

Chenjezo langa ndi ili. Kupepesa si mtengo wogulira ulendo wachitatu. A Eulalia angakukhululukireni koma osabweranso ndi madengu. Abelino angaone kuti banja lanu silimuyenera. Herlinda angasamukebe. Zimenezo zili m'manja mwawo, ndipo simuyenera kuwakakamiza kapena kuwakwiyira. Ngakhale a Casimiro atakuuziranitu kuti za ukwati zatha, pitanibe mukanene mawu anu. Milungu itatu ndi yochepa, ndipo kalata yosamutsa mwana wanu siidikira kuti mtima wanu ufewe. Ngati achoke, achoke atamva atate ake akunena kuti "ndinalakwa" pa tsiku limene panalibe choti apindule nacho.

Aphungu